Posalemba pa Dzina la Mainess

Matero, Lusaka
11 Ogasiti 2024

Okondedwa alongo anga a Philomena,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi onse kumeneko ku Katete. Mwendo uja uli bwanji? Kuno tili bwino, kungoti magetsi akuvuta, amabwera maola atatu kapena anayi basi. Ndalemba kalata chifukwa foni yanu imakhala yozima masiku ambiri, ndiponso ine nkhani yolemera ndimaimva bwino ikakhala papepala. Aitenga ndi a Bornwell ogula mtedza aja.

Choyamba, chiliza cha malemu Lemmy, mng'ono wanga, chatha. Ndinakachiona Lachisanu ndipo zilembo zonse ndinaziwerenga kawiri ndi chala. Palibe cholakwa. Tagwirizana ndi abusa kuti tidzavundukule Loweruka pa 14 Sepitembala ku manda a Chingwere, ndipo abale tidzayambe takumana kuno kwathu Lachinayi pa 12. Nsalu yoyera yophimbira ndadula kale kushopu kumene ndimagwira ku Kamwala. Ndikudziwa kuti ndi mwendowo simungathe ulendo wa basi, koma ndinu wamkulu wathu, tiyendera mawu anu.

Chachiwiri ndi za kuitana anthu. Mayina afika 86. Mwana wanga Belinda, amene akuphunzira za makompyuta ku koleji, walemba pulogalamu pa laputopu yake yotumiza uthenga ku mafoni onsewo nthawi imodzi. Mauthenga alipo awiri. Wa abale ukunena za msonkhano wa Lachinayi. Wa alendo ukuti banja la malemu Lemmy Njobvu likukuitanani monga mlendo wathu, Loweruka naini koloko kumanda. Ine ntchito yanga ndi kulemba eya pa dzina la wa banja, ndi ayi pa dzina la amene si wa banja. Makina amasankha okha uthenga woyenera.

Musandiseke, alongo, koma mwanayu wakhala akundiphunzitsa Lamlungu lililonse tikachoka ku tchalitchi, ine wolekezera giredi seveni. Chiyankhulo cha makinawo amachitcha Python. Muli mawu awiri amene ndawagwira bwino, if, ndiye kuti ngati, ndi else, ndiye kuti apo ayi. Belinda analemba zosankhazo m'mizere isanu ndi umodzi, koma anandionetsanso kuti odziwa amatha kulemba mzere umodzi wokha. Ndinaukopera m'kabuku kanga:

uthenga = wa_abale if yankho == "eya" else wa_alendo

Tanthauzo lake ndi lakuti tenga uthenga wa abale ngati yankho ndi eya, apo ayi tenga wa alendo. Ndaukonda chifukwa ndi waudongo. Belinda akuti ndi wabwino pokhapokha njira zikakhala ziwiri zokha.

Chachitatu ndi chimene chandivuta. Alamu athu a Mainess, akazi a malemu Lemmy, ndiwalembe chiyani? Mukumbukira kuti amalume anawasudzula chaka chatha maliro atatha. Kodi mayi wosudzulidwa amalowanso pa msonkhano wa banja? Ndikalemba eya, amalume angati ndaphwanya zimene iwo anamaliza. Ndikalemba ayi, ndidzawayang'ana bwanji ana awiri a Lemmy? Pa dzina lawo ndasiya posalemba kufikira mutandiyankha. Mukandiuza, ndidzapita ndekha ku Chawama kumene amakhala kukawauza pakamwa, osati pa foni. Chonde yankhani msanga, mauthenga ayenera kupita mwezi uno usanathe.

Mlongo wanu,
Moven


Katete
18 Ogasiti 2024

Kwa iwe Moven,

Kalata yako ndalandira. Mwendo ulipobe, ukuwawa m'mawa, masana umaleka. Alamu ako akupereka moni. Mukadzadya za pa chiliza musadzatiiwale, mudzatitumizireko shuga ndi sopo.

Za makina ako sindinamvepo kanthu, ndinamupatsa mphunzitsi wa pano kuti awerenge, nayenso anangopukusa mutu. Koma ndakondwa kuti pa msinkhu wako ukulowanso sukulu. Uli mwana unkafola mizere m'kope ndi rula ngakhale kopelo linali kale ndi mizere.

Tsono funso lako la Mainess ndi funso lanji? Kusudzula kumamasula mkazi kuti akafuna kukwatiwa akwatiwe popanda womuletsa. Sikumuchotsa pa manda a mwamuna wake. Mtsikana uja wakhala nafe zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Lemmy atagona miyezi isanu osadzuka, ankamutembenuza ndani? Iwe kapena amalume? Lachinayi akhale kutsogolo, ndipo Loweruka nsalu ya pa chiliza adzachotse ndi iye, ana ali pambali pake. Amalume akafunsa uwauze kuti ndanena ndi ine.

Usamachite mantha ndi chilichonse, Moven. Lemba eya wakoyo.

Ndine,
Philomena


Matero, Lusaka
28 Ogasiti 2024

Okondedwa alongo anga,

Moni kwa inu ndi alamu. Mpaka lero yankho lanu silinandipeze. Kwa a Bornwell ndapitako katatu, akazi awo akuti sanabwerere. Foni yanu ndayesa, ndi yozima.

Pachitika kanthu kosakhala bwino. Mauthenga anapita Lolemba pa 26. Onse anafika moyenera, ndafufuza dzina ndi dzina, kupatula umodzi. Alamu a Mainess analandira uthenga wa alendo. Zikuoneka kuti makina a Belinda anasokoneza penapake. Zinthu zimenezi ndi zovuta, ngakhale ophunzira zimawalaka.

Pasanathe theka la ola anayankha pa foni yanga. Ndikukopera monga analembera: "Zikomo ba Njobvu poniitana. Mlendo wamvela." Chiyambire sananditchulepo ba Njobvu, nthawi zonse ndi ba mulamu. Ndinawaimbira kasanu, sanayankhe.

Nkhani yafalikira kale. Anaonetsa uthengawo kwa amayi a chigwirizano ku tchalitchi kwawo, ndipo ena akuti banja la a Njobvu linkangodikira kuti chaka chithe. Amalume anandiimbira dzulo ali okwiya. Ndinawauza zomwezi, kuti ndi makina.

Lero ndinapempha kuweruka msanga, ndinakwera basi ya ku Chawama. Ndinafika mpaka pa ngodya pamene pamaoneka khonde limene amasokerapo mayunifomu. Ndinawaona ali pa makina osokera, mutu uli pansi. Ndinaima pamenepo kanthawi, kenaka ndinabwerera. Ndinaona kuti ndi bwino ndidikire mawu anu kuti ndisakalankhule zosiyana ndi zanu.

Chonde ndithandizeni nzeru. Kwatsala masiku khumi ndi asanu ndi awiri.

Mlongo wanu,
Moven


Katete
2 Sepitembala 2024

Moven,

Moni ndi womwewo. Kalata yanga ya pa 18 sunailandire? Ndinayankha tsiku lomwelo.

Nkhani inandipeza kalata yako isanafike. Mainess anaimbira mkazi wa mphunzitsi, ndipo ndinalankhula naye ndekha. Sanalire, ndipo chimenecho ndi chimene chandiopsa. Akuti Lachinayi sabwera, ana sabwera, ndipo nsalu achotse a banja. Ndinamuuza kuti ndi makina, iye anangoti zikomo amayi.

Tsono tamvera. Belinda mwamulekerera. Mwana amene sanaikepo munthu m'manda mukumupatsa kuti asankhe wachibale ndi mlendo? Kale tinkatuma munthu ndi miyendo, ndipo palibe wamasiye anatchedwapo mlendo. Sukulu yakeyo ngati ikumuphunzitsa kunyoza azakhali ake, ndi ya ntchito yanji? Belinda avale chitenje apite ku Chawama akagwade. Asatume uthenga, apite yekha. Ndipo chilaputopu chimenecho Belinda asachiyandikizenso pa nkhani za banja.

Iwe ndiwe bambo. Ukamuopa mwana wako, ndidzabwera ndekha ndi mwendo womwewu.

Philomena


Matero
6 Sepitembala 2024

Ba anti Philomena,

Muli bwanji na mwendo? Munikhululukire Chinyanja changa cha mu tauni, nizayesa. Kalata yanu ba dadi sananionetse, anangoniuza kuti mwakamba niyende ku Chawama. Ninaipeza neka pansi pa Baibulo, dzina langa lilimo katatu, ndiye ninawerenga.

Ku Chawama ninayenda dzulo. Ninavala chitenje, ninagwada pa khonde. Ba anti Mainess ananiimika, ananipatsa tiyi, ananifunsa va sukulu. Va uthenga sanakambeko olo kamodzi. Ninabwelako na nsoni kupambana mwamene ninayendera.

Koma nifuna mudziwe chinthu chimodzi. Pulogalamu yamene ninalemba inali na njira zitatu. Ngati eya, uthenga wa abale. Ngati ayi, uthenga wa alendo. Ngati palibe chilichonse, imilira, osatuma kanthu kuli aliyense. Njira yachitatu ninaikamo dala, chifukwa ninaona kuti dzina la ba anti Mainess lilibe yankho. Kompyuta sidziwa kuti munthu akali kuganiza, ba anti. Imachita chabe vamene waiuza.

Tsiku lamene mauthenga anayenda ninali ku Kabwe na kalasi yathu, laputopu ninasiya ku nyumba. Pobwela ninapeza mizere yanga sikisi kulibe, pali mzere umodzi. Mzere uja walembedwa bwino, olo ticha wathu angachonge. Koma una njira ziwiri chabe, eya na vina vonse. Posalemba ni vina vonse.

Sinizakamba vambiri. Ba dadi sakudya bwino masiku ano. Osabakalipira maningi.

Mwana wanu,
Belinda


Matero, Lusaka
8 Sepitembala 2024

Alongo anga a Philomena,

Moni. Kalata iyi ndaiyamba kanayi. Ndikupemphani muwerenge nokha, musamupatse mphunzitsi.

Ndinakunamizani. Belinda sanalakwe kanthu. Ndilemba zonse mwa ndondomeko monga zinachitikira.

Lolemba pa 26 sindinapite ku ntchito, ndinapempha tsiku. Belinda anali ku Kabwe, ndipo tinapangana kuti tidzatumiza akabwera Lachitatu. Magetsi anabwera teni koloko m'mawa. Ndinaganiza kuti mwezi ukutha, a ku Ndola ndi ku Chipata akufunika nthawi yokonzekera, ndipo Lachitatu mwina magetsi sadzabwera. Chinanso, ndisabise, ndinafuna kuti mwana akabwera apeze bambo ake amaliza okha.

Ndinatsegula laputopu ndi kudina monga anandionetsera. Makina anakana. Analemba kuti imani, dzina la nambala 14 lilibe yankho. Ndinayesa katatu, katatu konse chimodzimodzi. Nambala 14 ndinkaidziwa, alongo. Sindinganene kuti sindinkadziwa. Ndikanatha kulemba eya pamenepo. Ndikanatha kuimbira Belinda. Koma ndinaganiza za kushopu. Kumeneko wogula akasiya posalemba pa pepala la oda, sitidula kanthu, timadumpha ndi kupita pa mzere wotsatira. Ndinati makinanso adzatero, adzawadumpha alamu a Mainess, ena 85 alandire, ndipo ine ndidzapita ku Chawama yankho lanu likafika.

Ndinafufuta mizere isanu ndi umodzi ya Belinda, imene inkandiimitsa, ndi kuika mzere umodzi uja wa m'kabuku. Chilembo chilichonse ndinachiona kawiri. Ndinayesa ndi dzina langa, unabwera wa abale. Ndinayesa ndi dzina la abusa, unabwera wa alendo. Dzina lopanda yankho sindinayese. Ndinadina, mauthenga anapita, ndipo ndinakondwa ngati mwana. Ndinatuluka panja kukauza a neba kuti ndatumiza makalata 85 pa mphindi imodzi. Ndili pompo foni inalira m'thumba.

Mawu aja else ndinkawamasulira kuti apo ayi, ndipo m'mutu mwanga ankatanthauza amene ndawalemba ayi. Koma amatenga aliyense amene sindinamulembe eya. Belinda anandichenjeza tsiku loyamba lomwe, ndipo chenjezolo ndinakulemberani ndi dzanja langa.

Kalata yanu ya pa 18 inafika pa 29. Lole ya a Bornwell inawonongeka ku Nyimba. Nditawerenga pamene munati lemba eya wakoyo, ndinapita kukakhala kuseri kwa nyumba.

Choipa kwambiri ndi ichi. Lachinayi lapitali ndinaona mwana wanga akumanga chitenje kupita kukagwada pa mlandu wanga, ndipo ndinamuperekeza mpaka pokwerera basi osaulula. Dzulo m'mawa ndinamuuza zoona. Anati, "Nidziwa, ba dadi," ndi kupitiriza kusita malaya anga.

Dzulo lomwelo ndinapita ku Chawama, ndipo ulendo uno ndinafika pa khonde. Alamu anandipatsa mpando, iwo osaleka kusoka. Ndinatulutsa kabuku ndi kuwafotokozera zonse, if ndi else, mizere isanu ndi umodzi ndi mzere umodzi, kuti Belinda alibe mlandu. Anamvetsera mpaka ndinamaliza. Kenaka anaimitsa makina osokera.

"Va kompyuta namvela, ba Njobvu, mwafotokoza bwino. Manje anasiya posalemba ni ndani?"

Ndinati ndine. Anafunsa ngati pa mayina 86 panali dzina lina limene ndinalisiya choncho. Ndinati panalibe. Anagwedeza mutu ndi kubwezera nsalu pansi pa singano. Anati Loweruka adzafika naini koloko monga uthenga unanenera, chifukwa mlendo sachedwa pa mwambo wa eni ake.

Amalume ndawaimbira ndi kuwauza zoona. Inu mulembereni Belinda, chonde. Mawu amene munamunena ndi anga.

Mlongo wanu wochita manyazi,
Moven


Matero, Lusaka
15 Sepitembala 2024

Okondedwa alongo anga,

Moni kwa inu ndi alamu. Shuga ndi sopo ndapereka kwa a Bornwell pamodzi ndi kalatayi, komanso zithunzi zinayi za chiliza. Kalata yanu kwa Belinda inafika Lachisanu, anaiwerenga ndi kuiika m'chikwama chake cha ku sukulu. Zikomo.

Lachinayi abale anasonkhana. Ndinaika mpando kutsogolo monga munanenera, koma unakhala wopanda munthu mpaka tinatseka ndi pemphero. Ndinawerenga kalata yanu ya pa 18 pamaso pa onse. Amalume anadabwa. Anafunsa kuti kodi ndani ananenapo kuti Mainess si wa banja. Anayang'ana uku ndi uku, panalibe. Anati iwo anasudzula kuti mwana wa eni asamangike, osati kuti atayidwe, ndipo ndikanawafunsa akanandiyankha tili chiimire. Ndiye kuti milungu yonseyi ndinkaopa mawu amene palibe anawalankhula.

Loweruka alamu a Mainess anafika kutatsala mphindi khumi kuti ikwane naini. Anabwera ndi ana onse awiri. Sanabwere kumene tinakhala a banja. Anakaima kumbuyo, pakati pa anzake a Lemmy a ku galaja ndi a neba a ku Chawama. Tinaimba nyimbo ziwiri, abusa analalikira mwachidule chifukwa cha dzuwa. Kenaka anati tsopano tipempha mayi wa nyumba ya malemu abwere adzachotse nsalu.

Sanasunthe. Abusa anabwereza. Anthu anayamba kutembenuka, ena kunong'onezana. Amalume anandiyang'ana.

Ndinanyamuka, alongo. Kuchokera pa chiliza kufika pamene anaima pali manda asanu ndi atatu, ndinawawerenga poyenda. Ndinagwada pa fumbi ndi suti yanga. Ndinkafuna kulankhula motsitsa kuti amve iwo okha, koma ndinakumbukira kuti uthenga uja anauona anthu ambiri. Ndiye ndinakweza mawu. Ndinati uthenga wa mlendo ndinatumiza ndine, si Belinda, si makina, si banja. Ndinati pa mayina onse ndinakayika dzina limodzi lokha, la munthu amene anasamala mng'ono wanga kufikira tsiku lomaliza, ndipo ndalakwa.

Anandisiya chigwadire nthawi yaitali ndithu. Sindikudandaula. Ndinkangoona nsapato zawo ndi za ana. Kenaka anati, "Imani, ba mulamu, muzaononga suti." Anagwira ana manja ndi kupita kutsogolo, anthu akupatuka. Anachotsa nsalu pang'onopang'ono, anawerenga zilembo zonse, ndipo pamenepo ndi pamene analira. Amayi a chigwirizano anayambitsa nyimbo.

Titatuluka pa geti ya manda ndinawapempha kuti tipite kunyumba tikadye pamodzi, galimoto ilipo. Anauza ana kuti apite nafe akadye ndi abale awo, abwere madzulo. Iwo anati ali ndi mayunifomu oti amalize Lolemba lisanafike. Ndinawachonderera kachiwiri. Ndinati ine ndinangofuna kuchita zinthu mwa dongosolo, ndi chifukwa chake ndinayamba ndafunsa kwa inu akulu.

Anandiyang'ana, osati mokwiya. Anati, "Nidziwa, ba mulamu. Koma munatuma kalata ku Katete kufunsa ngati ndine wanu. Ku Chawama ni mabasi awiri chabe."

Basi ya m'tauni inaima, anakwera, anakhala pa windo la mbali inayo.

Ana anadya bwino, ndipo madzulo ndinawaperekeza ndekha mpaka pa khonde. Chitseko chinali chotsegula. Anandipatsa moni ali m'kati, koma sanati lowani.

Mlongo wanu,
Moven